Tsiku limene ndowa za azakhali zinasanduka matumba

Foni inalira kusanache bwino. Munali mu June, nthawi imene chisanu cha ku Dedza chimalowa mpaka m'bulangete, ndipo ndinadziwiratu kuti woimba nthawi ngati imeneyo ali ndi nkhani. Anali azakhali anga a ku Lizulu. Moni sanapereke.

"Iwe mwana wa achimwene, chinthu chako chija chikuti ine ndinakweza matumba 12. Matumba 12 ndawatenga kuti ine? Dimba lake liti?"

"Pepani azakhali, tandiwerengereni zonse zimene zalembedwapo, musadumphe."

Anawerenga pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Mzere uliwonse unali ndi nambala yoona koma muyezo wabodza. Pamene anakweza ndowa 12 za mbatata ya kachewere panalembedwa matumba 12. Ulendo wa sabata yapitayo, wa ndowa 9, nawonso unasanduka matumba 9. Mbiri yawo yonse kuyambira tsiku limene analowa m'kalabu inali itatupa usiku umodzi. Ndiye poti ndalama ya lole amagawana potengera kuchuluka kwa katundu wa munthu, pansi pake panali chiwerengero chimene chinawaumitsa thupi.

"Chinthu chako chija" ndi kapulogalamu ka pa intaneti kamene ndinapangira kalabu ya alimi ndi mavenda a mbatata amene amasonkherana kuhaya lole imodzi yopita ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Aliyense amalembamo katundu amene wakweza, msungichuma n'kugawa mtengo wa ulendo. Sikochita kudawuniloda. Munthu amangodina linki imene ili pa gulu lawo la WhatsApp, iko n'kutseguka pa bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome. Ndinasankha dala njira imeneyi chifukwa mafoni ambiri a m'kalabumo ndi ma itel ndi ma Tecno ang'onoang'ono amene malo anadzaza kalekale. Masetingi ake ndi ochepa, osakwana 10: chilankhulo, muyezo umene munthu amagulitsira, kukula kwa zilembo, kutsitsa zithunzi kapena ayi, nthawi ya chikumbutso, ndi tina tochepa. Polemba kapulogalamuka masetingi ndinawasiya kumapeto, n'kuwamaliza madzulo amodzi, poganiza kuti ndi ntchito yaing'ono. Kukonza zimene ndinalemba madzulo amenewo kunanditengera miyezi.

Chimene chinachitika n'chakuti mdzukulu wa azakhali ankafuna malo oika mavidiyo a mpira, ndiye analowa mu Chrome n'kufufuta zonse zimene bulawuza imasunga. Mwanayo sanalakwe, foni ikamadandaula kuti yadzaza aliyense amatero. Koma momwemo ndi mmene ndinasunga mawu akuti mayi awa amayeza pa ndowa. Atafufutika, kapulogalamu kanabwerera ku muyezo umene ndinaika ngati poyambira, womwe unali thumba.

Kulakwa kwakukulu kunali kwina, ndipo kunali kwanga. Posunga katundu amene munthu wakweza ndinkangosunga nambala yokha, 12, muyezo n'kumakautenga ku masetingi nthawi yoonetsa. Choncho setingi itasintha, tanthauzo la zonse zakale linasintha nayo. Izi ndinakonza tsiku lomwelo: mzere uliwonse tsopano umanyamula nambala, muyezo wake ndi mtundu wa ndalama, kaya ndi kwacha kaya ndi metical, poti ena amakagula mbatata kutsidya kwa msewu, ku Mozambique. Setingi ingasinthe mmene chinthu chikuonekera pa sikirini, koma isamakhudze tanthauzo la zimene zinalembedwa kale. Amene mukupanga kapulogalamu kosunga kaundula wa anthu, kaya ndi wa banki m'khonde kaya wa kwaya, yambani mwaona pamenepa musanawerenge zotsalazi.

Tsopano za kabokosi kamene mdzukulu uja anakhuthula. Mu bulawuza iliyonse yamakono muli malo otchedwa localStorage. Tsamba lililonse limapatsidwa akeake, pafupifupi 5 MB m'mabulawuza ambiri, ndipo mumalowa mawu olembedwa okhaokha. Masetingi anga onse pamodzi sakwana ndi 1 KB yomwe, ndiye malo si vuto. Ubwino wake ndi wakuti powerenga sipafunika netiweki, ndipo yankho limabwera pompopompo. N'chifukwa chake ambiri amene tinaphunzira tokha ntchitoyi timathamangira pamenepo. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo zosungidwa mu bulawuza mokha ndi fodya wapachala.

Njira zimene zimatayikira ndinaziona pafupifupi zonse m'kalabu imodzi yomweyi. Foni imabedwa pa msika. Ina imazima, mwini wake n'kupita nayo kwa okonza mafoni, iwo n'kuifulasha, zonse psiti. Wina amatsegula linki ali mkati mwa Facebook, mawa n'kuitsegula mu Chrome, osadziwa kuti malo awiriwa sagawana kabokosi, ndiye amadabwa kuti dzulo zinali m'Chichewa lero zabwera m'Chingerezi. Kabokosika kamamangidwanso ku adiresi ya tsamba. Tsiku limene ndinasamutsa kapulogalamu kuchoka pa adiresi yaulere kupita pa dzina lakelake, timabokosi ta mamembala onse tinatsalira ku adiresi yakale, ngati munthu wasamuka n'kusiya nkhokwe kubwinja. Amene amakonda Opera Mini chifukwa chosamala bandulo ali ndi nkhani yawonso: ikakhala pa kusamala kwambiri kuja, tsamba limakonzedwera pa makompyuta a Opera n'kutumizidwa ku foni litafinyidwa, ndipo localStorage sigwira ntchito. Ku iPhone, kuyambira 2020, Safari imafufuta yokha zimene tsamba linasunga ngati munthu wagwiritsa ntchito bulawuzayo masiku 7 osakhudzako tsambalo. Anachita izi pofuna kuletsa makampani olondalonda anthu pa intaneti, koma lamulolo silisankha. M'kalabumu ma iPhone ndi owerengeka, a ana a mamembala amene ali m'tauni kapena ku Johannesburg ndipo amathandiza makolo kuyang'ana kaundula. Koma mbatata ili ndi nyengo, ndipo munthu amatha miyezi iwiri osatsegula kapulogalamu. Ilipo njira yopempha bulawuza kuti isamafufute yokha, navigator.storage.persist(), koma ndi pempho chabe, bulawuza ikhoza kukana, ndipo chala cha mdzukulu sichiletseka nayo.

Nditapsa ndi zimenezi ndinathawira mbali inayo. Ndinachotsa zonse mu foni n'kuziika pa seva, kompyuta ya kutali imene foni imalumikizana nayo pa intaneti, kuti kapulogalamu kakamatseguka kazikayamba kafunsa kumeneko kuti munthu uyu amafuna zotani. Ndili pa mpando wanga ku boma zinkayenda bwino kwambiri. Ku Lizulu zinakanika sabata yoyamba yomwe. Amene munayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu mukudziwa kuti pali malo amene msewuwo ndiwo malire a dziko: uku Malawi, uko Mozambique. Foni nthawi zina imangogwira netiweki ya kutsidya, bandulo yako n'kukhala yopanda ntchito. Ukatsikira kumadimba ndiye kuli zii. Komanso bandulo imatha, ndipo imakonda kutha pa nthawi imene lole yaima, anyamata akusenza, dalaivala akuimba huta. Mayi wina anandionetsa sikirini yoyera mbee, kachizindikiro kakungozungulira pakati, kapulogalamu kakudikira kumva kuchokera kutali ngati iye amawerenga Chichewa kapena Chingerezi. Analemba katundu wake pa chikatoni ndi makala.

Ndiye ndinadziwa kuti masetingi ayenera kukhala konsekonse, mu foni ndi pa seva. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Ukasunga chinthu chimodzi pawiri, tsiku lina mbali ziwirizo zidzasiyana, ndipo uyenera kudziwiratu kuti zikasiyana womvera ndani. Ndinakhala ndi kope masiku angapo, ndikulemba setingi iliyonse pa mzere wake, ndipo funso limene linandithandiza silinali lakuti ndiisunge kuti. Linali lakuti, chinthuchi n'cha ndani?

Zina n'za munthu. Chilankhulo, muyezo umene anazolowera, nthawi imene akufuna kukumbutsidwa. Zimenezi ziyenera kumutsata kulikonse kumene walowera, kaya ndi pa foni yatsopano kaya yobwereka, ndiye kwawo kwenikweni ndi pa seva, foni n'kumasunga kope la zomwezo loti igwiritse ntchito netiweki ikasowa. Zina n'za foni. Kukana zithunzi ndi chitsanzo chabwino: msungichuma amazikana pa foni yake chifukwa cha bandulo, koma akakhala pa laputopu ya mwana wake pamene pali Wi-Fi amafuna aone chithunzi cha risiti chilichonse. Nthawi imene zonse zinali pa seva, akakana pa foni zinkasowanso pa laputopu, akazibwezera pa laputopu foni n'kuyamba kumudyera bandulo. Setingi yotere isamachoke mu chipangizo chimene yaikidwamo, ndipo ikatayika palibe cholira, amangodinanso. Zongodutsa, monga mwezi umene munthu akuyang'ana kapena ulendo umene wasankha, ndinaziika mu linki momwemo, kuti akaitumiza pa WhatsApp mnzake atsegule pomwepo pamene iye ali.

Chimene chinandivuta ndi kukula kwa zilembo. Poyamba ndinati n'cha foni, poti sikirini zimasiyana, zilembo zoyenera pa kafoni kakang'ono zimakhala zazikulu mopitirira pa laputopu. Koma azakhali atabwereka foni ya mwana wawo anapeza tizilembo tating'ono ngati nyerere, ndipo anandiuza mawu amene sindinawaiwale: "Maso anga sindinawasiye mu foni ija, ndili nawo konkuno." Ananena zoona. Sikirini ndi ya foni koma maso ndi a munthu. Mapeto ake ndinachita zapakati. Seva imakumbukira kukula kumene munthu anasankha komaliza, ndipo akalowa pa chipangizo chachilendo amayambira pamenepo. Akasintha ali pa chipangizocho, kusinthako sikupita kukasokoneza zipangizo zina zimene anazikonza kale. Sindikunena kuti iyi ndiyo njira yokhayo. Koma sindikanaipeza ndili pa kompyuta, inachokera pakamwa pa mwini maso.

Palinso gulu lachitatu limene poyamba ndinalisakaniza ndi masetingi a anthu pamene si lawo: zinthu za kalabu. Ndowa zingati zimadzaza thumba, mtengo wa lole ndi zingati, kalabu imadula zingati pa ulendo. Izi amagwirizana pa msonkhano, ndipo wosintha ndi msungichuma yekha. Sindilola kuti zisinthidwe popanda netiweki, chifukwa sindifuna kuti mafoni awiri akhale ndi mitengo iwiri ya lole imodzi. Kusintha kulikonse kumalembedwa, wasintha ndani, liti, kuchoka pa zingati kufika pa zingati, ndipo kumayamba kugwira ntchito pa ulendo wotsatira. Phindu lake linaoneka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Eni malole anakweza mitengo, msungichuma anasintha, koma maulendo akale anakhalabe pa mtengo wawo wakale, ndipo amene anali ndi ngongole ya October sanaione ikukula yokha.

Pali setingi imodzi imene sindinaiganize ndekha. Mayi wina wa m'kalabu anandikokera pambali msonkhano utatha, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati n'zotheka kuti ndalama zimene wapeza zisamaonekere pa tsamba loyamba. Foni ndi imodzi pakhomo, amagwiritsa ntchito iye, bambo a kunyumba, ndi ana. Sindinamufunse zambiri ndipo sanafotokoze. Ndinaika kabatani kobisa ndalama. Koma kabatani kameneka kanandiphunzitsa kuti masetingi salemera mofanana. Chilankhulo chikasokonekera munthu amangonyansidwa. Ichi chikasokonekera kamodzi kokha, ngakhale kwa kamphindi pamene kapulogalamu kakudikira yankho la seva, chimene mayiyo ankabisa chaoneka basi, sichingabisikenso. Ndiye ndinatembenuza poyambira: kapulogalamu kakakhala kuti sikakudziwa chimene munthu anasankha, kaya chifukwa kabokosi kafufutidwa kaya netiweki palibe, ndalama zimakhala zobisika kufikira katatsimikiza kuti mwini wake analola. Pa setingi iliyonse tsopano ndimadzifunsa kuti, itatayika lero, mbali iti imene ingapweteke munthu pang'ono? Imeneyo ndiyo imakhala poyambira. Pa muyezo palibe mbali yosapweteka, ndiye kapulogalamu kakapanda kudziwa kamafunsa, ndowa kapena thumba, sikalota.

Kubwerekana mafoni kunandisinthitsanso zina ziwiri. Kope la masetingi mu foni limalembedwa pansi pa nambala ya umembala ya munthu, kuti mayi ndi mwana wake akamalowa mosinthana pa foni imodzi aliyense apeze zake, ndipo munthu akatuluka kope lake limafufutidwa. Komanso munthu sindimuzindikira ndi nambala ya foni. Kuno anthu ali ndi simu ya Airtel, ya TNM, ena ndi ya Movitel yomwe, ndipo simu imatayika kapena kusinthidwa. Nambala ya foni ndi chinthu chimene membala ali nacho lero, chikhoza kusintha mawa, masetingi ake n'kukhalabe ake.

Tifike pa kulumikizanitsa foni ndi seva, pamene anthu ambiri amaopa. Mmene ndimachitira ndi motere. Munthu akadina kusintha, foni imalemba mwa iyo yokha nthawi yomweyo, sikirini n'kusintha osadikira aliyense. Kenako kusinthako kumaima pa mzere wodikira kutumizidwa. Kapulogalamu kamayesa kutumiza pomwepo, zikakanika kamayesanso kakadzatsegulidwa kapena netiweki ikabwerera. Sikakhalira kufunsa seva mphindi iliyonse ngati pali chatsopano, chifukwa funso lililonse ndi bandulo ya munthu ndi batire lake, ndipo masetingi sasintha kawirikawiri. Musakhulupirire kwambiri navigator.onLine, njira imene bulawuza imauzira tsamba ngati pali netiweki. Imangokuuzani kuti foni yalumikizika ku netiweki ina yake, sidziwa kuti bandulo inatha dzulo. Umboni woti uthenga wafika ndi yankho la seva lokha, ndipo kusintha kusachoke pa mzere yankholo lisanabwere.

Potumiza, tumizani chokhacho chimene chasintha. Ine poyamba ndinkatumiza mtolo wonse wa masetingi, ndipo zinachitika motere. Mwana wa azakhali ali ku Blantyre analowa pa akaunti ya mayi ake kuti awasinthire nthawi ya chikumbutso. Azakhali ali kudimba kopanda netiweki anasintha china chake chosakhudzana ndi chimenecho. Madzulo atakwera kumtunda foni yawo inatumiza mtolo wonse, muli nthawi yakale ya chikumbutso, n'kukwirira zimene mwana anakonza masana. Palibe amene anatsutsana ndi mnzake, aliyense anakhudza chake, koma mtolo unawayambanitsa. Kutumiza setingi imodziimodzi kumathetsa mikangano yambiri isanabadwe. Ndipo uthengawo uzinena mathero, kuti muyezo ukhale ndowa, osati kuti tembenuza muyezo. Pa netiweki yodukaduka uthenga umatha kufika koma yankho n'kutayika panjira, foni n'kutumizanso. "Ukhale ndowa" ukafika kawiri palibe chimene chaonongeka. "Tembenuza" ukafika kawiri wabwerera pa thumba.

Nanga awiri akasintha setingi imodzi yomweyo? Yankho limene limabwera msanga m'mutu ndi lakuti wosintha pomaliza ndiye wapambana, tingoyang'ana nthawi. Koma nthawi ya wotchi ya ndani? Ndinagwirapo foni ya bambo wina wa m'kalabu, batire lotupa, chivundikiro chomanga ndi lasitiki. Ikagwa pansi batire limasomphoka, ndipo ikayakanso deti limakhala litabwerera zaka zingapo m'mbuyo mpaka itadzagwira netiweki n'kudzikonza. Chilichonse chimene bamboyo angasinthe pa nthawi imeneyo chimaoneka ngati chakalekale, ndiye chimagonja nthawi zonse. Winanso deti lake likakhala patsogolo ndi chaka, zake zidzapambana chaka chathunthu, ngakhale mwini wake atafuna kuzisintha pa foni ina. Vutoli si lachilendo. Mu 1978 katswiri wa makompyuta Leslie Lamport anaonetsa kuti makina otalikirana angathe kugwirizana kuti chinayamba n'chiti powerenga manambala okwera, osadalira mawotchi awo. Ine ndinangotengako kachidutswa kophweka: wowerenga ndi seva yokha. Setingi iliyonse ili ndi nambala yake. Foni imati, muyezo ukhale ndowa, nambala imene ndikuidziwa ndi 14. Seva ikaona kuti nayonso ili pa 14 imavomera n'kuika 15. Ikaona kuti ili kale pa 15 imadziwa kuti wina anadutsapo, ndiye imakana n'kubweza zimene zilipo. HTTP, njira imene bulawuza ndi seva zimayankhulirana, ili nazo kale zida za ntchito imeneyi, ETag ndi If-Match, ndipo kukanako ndi yankho la nambala 412. Palibe chachilendo chimene mukufunika kupeka.

Seva ikakana, chotsatira chimadalira kulemera kwa setingi kuja. Pa nthawi ya chikumbutso kapena chilankhulo foni imangotumizanso ndi nambala yatsopano, wofika pomaliza n'kupambana, ndipo zikapanda kumukomera munthu amadinanso. Pa kubisa ndalama, kubisa kumapambana nthawi zonse mpaka mwini wake atatsegula yekha ali pa netiweki. Pa muyezo kapulogalamu kamamufunsa. Mudzamva za njira zakuya zotchedwa CRDT, zimene zimathandiza anthu ambiri kulemba chikalata chimodzi nthawi imodzi. Ndi nzeru zabwino pa ntchito yake, koma pa masetingi osakwana 10 a munthu mmodzi n'kuhaya lole kuti inyamule ndowa imodzi. IndexedDB, nkhokwe ina ya mu bulawuza yokulirapo, nayonso ndimaigwiritsa ntchito posunga kaundula wa katundu, amene amakula, koma masetingi amakwana mu localStorage.

Kanthu kena kakang'ono koma kofunika: sungani zokhazo zimene munthu wasankha ndi chala chake. Amene sanakhudzepo nthawi ya chikumbutso asakhale ndi chilichonse chosungidwa pamenepo. Kalabu itagwirizana kuti chikumbutso chizibwera madzulo m'malo mwa m'mawa, amene sanasankhepo anasamuka okha, ndipo amene anasankha dala m'mawa anakhala pomwepo. Mukalemba zoyambira mu akaunti ya aliyense tsiku limene walowa, magulu awiriwa simudzawasiyanitsanso. Kumbukiraninso kuti pali foni ina kwinakwake ku Mlangeni imene ikugwiritsabe ntchito kapulogalamu ka miyezi isanu yapitayo, poti bulawuza inakasunga ndipo mwini wake sanagule bandulo chikololereni. Ikadzakumana ndi setingi yatsopano imene siikuidziwa, ingoisiya mmene ilili, isaifufute.

Chilankhulo chili ndi mbali ina yoyenera kuitchula. Bulawuza imauza tsamba chilankhulo cha foni, ndipo Chichewa chili ndi chizindikiro chake, ny. Koma pa mafoni a m'kalabumu sindinachionepo. Ambiri amati Chingerezi chifukwa ndi mmene anagulira, ndipo ogulidwa kutsidya amati Chipwitikizi, mwini wake ali Mngoni wa kwa Gomani amene amalota m'Chichewa. Ndiye tsamba loyamba limangofunsa, ndi mabatani awiri akuluakulu. Yankho ndimalisunganso mu cookie, kachikalata kamene bulawuza imasungira tsamba. Ma cookie ndi akale, anayambitsidwa ndi Lou Montulli ku Netscape mu 1994, ndipo ndi aang'ono, pafupifupi 4 KB imodzi. Amapita ku seva limodzi ndi pempho lililonse, ndiye si malo ounjikamo zinthu, poti kulemera kwake amalipira ndi mwini bandulo. Koma khalidwe lomwelo ndi limene limathandiza apa: seva imadziwa chilankhulo isanatumize tsamba, ndiye munthu saona Chingerezi chikuthwanima kaye Chichewa chisanabwere, ndipo wa Opera Mini uja naye amathandizika. Chizindikiro chakuti munthu walowa ndimachiikanso mu cookie yokhala ndi HttpOnly, imene JavaScript, chilankhulo cha mapulogalamu oyenda mkati mwa tsamba, singaiwerenge. Mu localStorage musaikemo pasiwedi kapena PIN, chifukwa JavaScript iliyonse imene yalowa pa tsamba lanu, ngakhale yobwera ndi zotsatsa malonda, ikhoza kuwerenga zonse zili mmenemo.

Ena amaona ngati masetingi si nkhani ya chinsinsi. Ine kuchokera tsiku limene mayi uja anandikokera pambali sindiganizanso choncho. Kungodziwa kuti wakuti anabisa ndalama zake ndi nkhani kale, ndipo msungichuma kapena wapampando alibe chifukwa choionera, ndiye pa sikirini yawo palibe. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo woyang'anira ndi MACRA. Kapulogalamu kakhale kakang'ono bwanji, ngati kakusunga za anthu nkhaniyi ikukakhudza. Membala akachoka m'kalabu masetingi ake ndimafufuta pa seva, kaundula wa maulendo yekha ndiye amatsala poti ndi wa gulu.

Foni ya azakhali ija inadzagwera m'chitsime cha kudimba nyengo yothirira. Anagula ina ya kaunjika, ndipo Loweruka lina nditatsika minibasi pa Lizulu anandipatsa kuti ndiwalowetse. Ndinakana, ndinati alowe okha ine ndikuona. Tinakhala pa thumba kuseri kwa mulu wa kabichi, mphepo ikuwomba kuchokera kutsidya. Anadina linki, anasankha Chichewa, analemba nambala yawo ya umembala ndi chala chimodzi, akutchula nambala iliyonse mokweza. Zilembo zinabwera zazikulu. Pa mzere wapamwamba panalembedwa ndowa. Pamene pamakhala ndalama panali timadontho.

Sanayamikire, anangogwedeza mutu n'kupukuta sikirini ndi nsonga ya chitenje. Kenako anati, "Chaka chino tayamba kukwezanso tomato. Uikemo dengu."

"Dengu lake lalikulu bwanji, azakhali? Ndowa zingati?"

"Langa ndi zitatu. La amayi awo apowo ndi zinayi, amagula kwa woluka wina."

Ndinatulutsa kope lija n'kulemba dengu pa mzere watsopano. Pa malo olemba mwini wake ndinayamba ndalemba kuti n'la munthu, poti aliyense ali ndi dengu lake. Ndinafufuta, chifukwa ngati aliyense adzinenera yekha kukula kwa dengu, ndalama ya lole idzagawika mokondera wonena zochepa. Ndinalemba kuti n'la kalabu, koma apo ndiye kuti wina adzalipirira ndowa imene sanakweze. Azakhali anati nkhaniyo si yanga, aitengera ku msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo aliyense abwere ndi dengu lake adzayeze pamaso pa anthu. Anandilongezera mbatata m'jumbo, n'kundiuza kuti ndifulumire poti minibasi ya ku Dedza inali itatsala anthu awiri kuti idzaze.